Kuona zambiri kapena kuona bwino: mafunso ndi mayankho pa FOV m'magemu

Ku Metangula, ku Chuanga ngakhale ku Cobué, pamalo pamene netiweki ya Movitel kapena ya Vodacom ikugwira bwino madzulo simulephera kupeza achinyamata ataweramira mafoni, zala zili yakaliyakali pa sikirini. Akamaliza mpikisano amayamba wina wapakamwa, wokanganirana nambala. Wina akuti iye amasewera pa 90, wina akuti 90 ndi ya anthu osadziwa, ndipo wachitatu wangokopera zimene waona kwa katswiri wa ku Brazil pa YouTube. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa mikangano imeneyi.

Kodi FOV ndi chiyani kwenikweni?

M'gemu iliyonse yooneka ngati dziko lenileni mumakhala kamera, ndipo zimene mukuona pa sikirini ndi zimene kamerayo yajambula. FOV ndi muyeso wa mmene kamerayo yatsegukira, ndipo amauwerenga m'madigiri. Ikakhala 60, mumaona kachigawo kochepa ka kutsogolo kwanu koma zinthu zimaoneka zazikulu. Ikakhala 110, mumaona mpaka za m'mbali koma chilichonse chimachepa. Mutha kuziona nokha pa kamera ya foni ngati ili ndi mabatani a 0.5x, 1x ndi 2x: mukadina 0.5x gombe lonse limalowa m'chithunzi, mukadina 2x mumatsala ndi bwato limodzi. Pa foni yotcheredwa m'Chipwitikizi, fufuzani mawu akuti campo de visão. Kawirikawiri amakhala pamodzi ndi zosintha za kamera kapena za zithunzi.

Maso a munthu amaona mokulirapo kwambiri, pafupifupi madigiri 200 kuchokera kumanzere kufika kumanja. Koma malo amene diso limaona bwino kwenikweni, moti n'kuwerenga zilembo, ndi ochepa zedi: madigiri awiri okha, kukula kwa chikhadabo cha chala chachikulu mutatambasula mkono. Kwina konseko diso limangozindikira kuti chinachake chasuntha.

Ngati nambala yaikulu imaonetsa zambiri, bwanji osangoikankhira kumapeto?

Chifukwa sikirini siikula. Madigiri alionse amene mwaonjezera m'mbali amalanda malo a zinthu zapakati, ndipo kulandako si kwa pang'ono. Tiyerekeze kuti mdani waima patali, pakati penipeni pa sikirini, ndipo pa FOV ya 60 akuoneka wotalika mamilimita 10. Mukakweza kufika pa 90, mdani yemweyo amatsika kufika pa mamilimita osakwana 6. Pa 120 amangopitirira pang'ono mamilimita atatu. Mutu wake, umene inu mukufuna kulasa, umakhala kadontho koti chala chanu chikhoza kuphimba kangapo.

Pali vuto linanso. Gemu imayala dziko lozungulira pa galasi lathyathyathya, ndiye zam'mbali zimakokeka. Pa 110 kapena 120, mpira umene uli pakona umaoneka wotalika ngati dzira, makoma amapendekeka mukamatembenuka, ndipo mtunda umanama: munthu amene ali pafupi amaoneka ngati akadali kutali. Ambiri amene amadandaula kuti adani akungotulukira pamaso pawo mwadzidzidzi amakhala atadzichita okha mwa njira imeneyi.

Phindu la FOV yaikulu lilipo ndithu, makamaka pankhondo ya m'nyumba, pamene mdani amatha kulowera pakhomo la m'mbali. Funso n'lakuti mwalipira zingati kuti muone khomo limenelo.

Nanga pafoni nambala yoyenera ndi iti?

Yankho limayambira pa kukula kwa sikirini ndi mtunda wake kuchokera kumaso. Foni ya mainchi 6.5, monga ma Tecno, ma Infinix ndi ma Samsung ambiri amene ali m'manja mwa anthu, ikagonekedwa imatalika pafupifupi masentimita 15. Mukaigwira masentimita 30 kuchokera kumaso, imatenga madigiri 28 okha a zimene maso anu akuona. Sikirini ya kompyuta ya mainchi 24, munthu atakhala masentimita 60 kuchokera pamenepo, imatenga madigiri 48. Wailesi ya kanema ya mainchi 32, mutakhala pa benchi mamita awiri ndi theka, imatenga 16 basi.

Ndiye taonani zimene zimachitika mukakopera nambala ya katswiri wosewera pa kompyuta. Iye akupanikiza madigiri 100 pa sikirini yaikulu imene ili pafupi ndi nkhope yake. Inu mukupanikiza madigiri omwewo pa kagalasi kocheperako kwambiri, ndipo mbali ina mwaphimba ndi zala ziwiri, mwina zinayi, pamodzi ndi mabatani. Zam'mbali zimene mwagulazo, zambiri zili pansi pa zala zanu.

Maganizo anga ndi akuti pafoni ndi bwino kuyambira pa nambala imene gemu yabwera nayo n'kumakwera pang'onopang'ono, osati kuyambira kumapeto n'kumatsika. Wokonda kuthamangira adani ndi mfuti za pafupi angakwere ndithu. Wokonda kubisala pa phiri n'kumadikira apindula ndi nambala yotsikirapo. Ndipo ngati galasi la foni yanu linasweka pakona kapena chotetezera chake chinakalikakalika ndi mchenga wa pagombe, musachepetsenso zinthu zimene zikukuvutani kale kuona.

Ine ndi mnzanga tonse tinaika nambala imodzi, koma zikuoneka zosiyana. Chavuta n'chiyani?

Palibe chavuta. Makampani opanga magemu sanagwirizane za kayezedwe kake. Ena amayeza kuchokera kumanzere kupita kumanja, ena kuchokera pamwamba kupita pansi, enanso amayeza ngati kuti sikirini yanu ndi ya makedzana ija ya 4:3 kenako n'kuonjezera m'mbali.

Minecraft ya pa kompyuta imabwera ndi 70, koma 70 imeneyo ndi yochokera pamwamba kupita pansi. Pa sikirini ya 16:9, m'lifupi mwake mumakwana madigiri 102. Pa sikirini yaitali ngati ya mafoni amakono, ya 20:9, amapitirira 114. Counter-Strike imati 90, koma ndi 90 ya pa 4:3, imene pa sikirini ya 16:9 imakhala 106. Choncho munthu wonena kuti 70 ndi yochepa, popanda kutchula gemu, sananene kanthu. N'chimodzimodzinso ndi mafoni awiri osiyana kutalika: nambala ndi imodzi, koma foni yaitaliyo m'magemu ambiri imaonetsa zochulukirapo m'mbali.

Kumbukiraninso kuti kamera ya m'maso mwa msilikali, imene magemu amalemba kuti FPP, ndi kamera yomutsatira kumbuyo, ya TPP, zimakhala ndi zosintha zosiyana. Call of Duty: Mobile ndi PUBG Mobile zimapereka mwayi wosintha iliyonse payokha, ndipo anthu ambiri amasintha imodzi n'kumadabwa kuti inayo sinasunthe.

Ndikasewera kwa kanthawi ndimamva chizungulire ndi nseru. Kodi ndi FOV?

Nthawi zambiri imakhudzidwa, inde. Mkati mwa khutu muli tiziwalo timene timauza ubongo ngati thupi likuyenda, kutembenuka kapena kupendekeka. Maso nawonso amapereka uthenga wawo. Mauthenga awiriwa akatsutsana, thupi limayankha ndi chizungulire, thukuta lozizira ndi nseru.

Aliyense amene anaolokapo kuchokera ku Cobué kupita ku Likoma mphepo ya mwera itakwiya, cha m'ma June kapena July, akudziwa mmene zimakhalira. Amene wazolika n'kumayang'ana katundu amene ali pansi m'boti ndiye amayamba kusanza, chifukwa khutu likumva mafunde pamene maso akuona matumba osasuntha. Amene akuyang'ana chilumba kutsogolo amapirira. M'gemu zimangotembenuka: maso akuona kuthamanga ndi kudumpha, koma khutu likuti mwakhala phee pa mkeka.

FOV yochepa kwambiri imakulitsa kusagwirizanaku, chifukwa kutembenuka pang'ono kumasesa chithunzi chonse mwaliwiro. Izi zimavuta makamaka anthu okhala pafupi ndi sikirini yaikulu, ndipo n'chifukwa chake osewera pa kompyuta akhala akudandaula kwa zaka zambiri za magemu opangidwira wailesi ya kanema, amene amabwera ndi kamera yopanikizika. Koma FOV yokwera mopitirira nayonso imadwalitsa, chifukwa cha kukokeka kwa m'mbali kuja. Choncho mankhwala ake si kukweza basi ayi, koma kusuntha madigiri asanu mbali imodzi n'kumvetsera thupi.

Musaimbe mlandu FOV yokha. Kugwedezeka kwa kamera poyenda, kusaoneka bwino kwa zithunzi potembenuka, ndi gemu yodukaduka chifukwa foni yalemedwa, zonsezi zimadwalitsa kwambiri, ndipo magemu ambiri amalola kuzimitsa ziwiri zoyambazo. Mu Minecraft mukathamanga kamera imadzitsegula yokha pang'ono. Pali pozimitsira zimenezo. Kusewera mumdima wa ndiweyani sikirini ikuwala m'maso kumaonjezeranso vuto. Nseru ikayamba, imani, yang'anani kutali kwa mphindi zingapo. Kuumirira sikuthandiza tsiku limenelo.

Akuti ukakweza FOV umathamanga kwambiri, ndipo mfuti siidumpha. Ndi zoona?

Ayi, zonse ziwiri ndi zooneka chabe. Liwiro la msilikali wanu linalembedwa kale m'gemu, ndipo silisintha ndi kamera. Chimene chimasintha n'chakuti mitengo ndi makoma zimadutsa mofulumira m'mbali mwa sikirini, ubongo n'kuganiza kuti mwaonjezera moto. Opanga magemu a mpikisano wa galimoto amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatsegula kamera dala galimoto ikafika pa liwiro lalikulu.

Za mfuti n'chimodzimodzi. Imadumpha madigiri omwe aja, koma pa FOV yaikulu madigiriwo amatenga malo ochepa pa sikirini, ndiye kudumphako kumaoneka kochepa. Zipolopolo zikupitabe komwe zikanapita. Choonadi chimene chili m'nkhaniyi n'chakuti chithunzi chikamagwedezeka pang'ono munthu sachita phuma, ndipo ena amalasa bwino chifukwa cha zimenezo. Koma mdani naye wachepa mofanana ndi kudumphako.

Kodi FOV yaikulu imadya mamega ambiri? Nanga batire?

Mamega ayi. Mapu, nyumba ndi mitengo zili kale m'foni yanu kuyambira tsiku lija munatsitsa gemu. Zimene zimayenda pa netiweki mukamasewera ndi timauthenga tonena kuti uje ali pati ndipo waombera kuti, ndipo timeneti sitidalira kamera yanu. Ngati mukuona adani akudumphadumpha malo, kapena mukufa mutabisala kale kuseri kwa khoma, vuto ndi ping, kutanthauza kuchedwa kwa timauthenga timeneti pa netiweki, osati FOV. Makompyuta oyendetsa magemuwa ali kutali kwambiri ndi nyanja ya Niassa, ndipo palibe nambala ya kamera imene ingafupikitse mtunda umenewo.

Batire ndi kutentha ndi nkhani ina. Kamera yotseguka imalowetsa zinthu zambiri m'chithunzi, ndipo foni iyenera kuzijambula zonse kangapo pa sekondi iliyonse. Pa foni yamphamvu kusiyanako simungakuone. Pa foni ya RAM ya 2GB kapena 3GB, pakati pa tauni ya m'gemu yodzaza nyumba, kutha kukhala kusiyana kwa gemu yoyenda bwino ndi gemu yodukaduka. Mu October ndi November, pamene kugombe kumatentha mpaka usiku, foni imafika msanga poti yadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Zikatero, choyamba kutsitsa ndi kukongola kwa zithunzi ndi mithunzi, chifukwa ndi zimene zimalemera kwambiri. FOV ibwere pambuyo. Vulaninso chikopa cha foni, ndipo pewani kusewera ili pa chaja, makamaka masana pa batire la sola.

Ndasintha FOV, tsopano ndikungophonya. Ndibwezere?

Dikirani kaye. Chala chanu chinazolowera kuti chikasuntha mtunda wakuti, mfuti imafika pa mdani amene ali pamalo akuti pa sikirini. Mukatsegula kamera, mdani amene akuoneka pamalo omwewo amakhala kuti ali kumbali kwambiri m'dziko la m'gemu, choncho kusuntha komwe kuja sikumufikira. N'chifukwa chake FOV yaikulu imamveka ngati kamera yayamba ulesi, ndipo yaing'ono imamveka ngati yapenga. Sensibilidade, muyeso wa mmene kamera imatembenukira chala chikasuntha, sinasinthe, koma maso ndi chala zasiya kumvana.

Mutha kuchita ziwiri: kudikira kuti chala chizolowere, kapena kukweza sensibilidade pang'ono mukakweza FOV. Chimene simuyenera kuchita ndi kusintha zonse tsiku lililonse. Osewera ambiri amene ndimaona akuvutika alibe nambala yolakwika; ali ndi nambala yatsopano sabata iliyonse, malinga ndi kanema amene aonera dzulo lake.

Kodi "iPad view" imene anthu amatumizirana pa WhatsApp ndi yotani?

Chiyambi chake n'choona. Sikirini ya iPad ndi ya pafupifupi 4:3, yotalika m'mwamba kuposa ya foni, ndipo mu PUBG Mobile wosewera pa iPad amaona zambiri pamwamba ndi pansi, msilikali wake n'kuoneka wamng'ono osatchinga njira. Osewera pafoni anasirira zimenezi, ndipo kenako gemuyo inaika chosinthira chake chovomerezeka pa kamera ya kumbuyo, chochokera pa 80 kufika pa 90. Kuchoka pa 80 kufika pa 90 kumachepetsa zinthu zapakati ndi pafupifupi 16 pa 100 alionse, ndipo kwa anthu ambiri kumeneko n'kokwanira.

Zimene zimayenda pa WhatsApp ndi pa Telegram ndi zina: mafayilo ndi mapulogalamu olowerera m'kati mwa gemu kuti adutse malire aja. Kwa eni gemu kumeneko n'kubera, ndipo PUBG Mobile imadziwika ndi kutseka maakaunti a obera mpaka zaka 10. Zovala zonse za msilikali zimene munagula ndi mametikali anu zimapita nayo limodzi. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti pulogalamu yochokera kosadziwika mumailowetsa m'foni momwe muli M-Pesa kapena e-Mola yanu, mwinanso foniyo ndi ya amayi anu imene amalandirira ndalama za usipa. Pulogalamu yosintha kamera ikamapempha chilolezo chowerenga mauthenga a SMS, dzifunseni kuti ikufunamo chiyani.

N'chifukwa chiyani magemu ena salola n'komwe kusintha?

Kawirikawiri ndi nkhani ya chilungamo pa mpikisano. Valorant inakhoma FOV pa 103 kwa aliyense. Overwatch imalola kusintha koma malire ake ndi 103 yomweyo. Apex Legends imayambira pa 70 kufika pa 110. Mu 2019 kampani ya Epic Games inaletsa osewera Fortnite kugwiritsa ntchito chithunzi chokokedwa pa mipikisano, njira imene akatswiri ankaonera zambiri kuposa anzawo, ndipo panabuka madandaulo ambiri.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Call of Duty: Warzone, imene inatuluka mu March 2020. Osewera pa kompyuta ankatha kufika pa 120, pamene a pa PlayStation ndi Xbox anali omangika pa 80, koma onsewo akumenyana m'bwalo limodzi. Anthu anadandaula kwa zaka zoposa ziwiri, mpaka chosinthiracho chinafika kwa onse ndi Warzone 2.0 mu November 2022. Chifukwa chimene chinkaperekedwa chinali mphamvu ya makina akale, imenenso ndi chifukwa chachiwiri chokhomera FOV: wopanga gemu akadziwa kuti kamera siipitirira pakuti, amadziwanso kuchuluka kwa ntchito imene makina angasenze. Ngati gemu yanu ilibe posinthira, osavutika kufufuza njira zachidule. Kawirikawiri adani anu nawonso alibe.

Ife timasewera mpira, osati za mfuti. Zikutikhudza?

Zikukukhudzani, kungoti dzina ndi lina. Mu eFootball, imene inali PES mpaka 2021, ndi mu EA Sports FC, imene inalowa m'malo mwa FIFA mu 2023, mumasankha mtundu wa kamera, kutalika kwake ndi kuyandikira kwake. Malonda ake ndi omwe aja. Kamera yoyandikira imaonetsa bwino mapazi ndi mpira, ndiye kuchenjeretsa mdani kumaphweka, koma simuona mnzanu amene akuthamanga kumphepete kwa bwalo. Kamera yapatali imaonetsa mipata yonse yoponyera mpira, koma osewera amasanduka timadontho.

Kumene anthu amalipira kuti asewere PlayStation pa wailesi ya kanema imodzi, mtunda wa benchi ndi umene uyenera kulamula. Pa sikirini ya mainchi 32 anthu atakhala kutali, kamera yapatali kwambiri imangotopetsa maso a onse awiri. Ndipo popeza kamerayo ndi imodzi, gwirizanani mpira usanayambe. Amene wagonja asadzanene kuti mnzake anasintha kamera mwakabisira.

Ndiye ndingapeze bwanji nambala yanga?

Lowani m'bwalo loyeserera, osati mu mpikisano weniweni. Gwirani foni mmene mumaigwirira masiku onse, chifukwa wosewera atagona chagada foni ili pamphuno ndi wosewera atakhala pa mpando foni ili pa maondo akuona zinthu zosiyana. Lembani kaye nambala imene ilipo, kapena jambulani sikirini, kuti mukhale ndi pobwerera.

Kenako yesani zinthu ziwiri. Imani pa mtunda umene mumakonda kumenyanirapo, muyang'ane chidole choyeserera: kodi mukusiyanitsa mutu ndi mapewa popanda kutsinzinira kapena kuyandikitsa foni? Ngati ayi, tsitsani. Lowani m'chipinda cha makomo awiri, muime pakona: kodi mukuona makomo onse awiri popanda kugwedeza kamera uku ndi uku? Ngati ayi, kwezani. Sunthani madigiri asanu nthawi imodzi, osaposera, mpaka mayeso awiriwa atakumana. Akakana kukumana, pafoni ndi bwino kugonjera mayeso oyambawo, chifukwa mdani wa kumbali mutha kumumva ndi mahedifoni kapena kumuona pa kamapu ka pakona, pamene mdani wapatali amene wasanduka kadontho palibe china chokuuzani kuti alipo.

Mukapeza nambalayo, isiyeni sabata yathunthu musanaiweruze. Idzafunika kuyesedwanso pokhapokha mwasintha foni, mwayamba kusewera pa tabuleti, kapena gemu yasintha kamera yake pa kukonzedwa kwatsopano.